Mwana wosamaliza ntchito m'kalasi: ndi ADHD kapena ndi chilankhulo?

Mphunzitsi aliyense wa kalasi yachiwiri kapena yachitatu amalidziwa kope lotere. Tsiku lalembedwa bwino pamwamba, mutu wa phunziro wakopedwa, funso loyamba layankhidwa, lachiwiri lalekezedwa pakati, kenako pepala loyera mpaka pansi. Tsamba lotsatira ndi chimodzimodzi. Kale mwana wotero ankangotchedwa waulesi. Masiku ano aphunzitsi ndi makolo amene amawerenga za pa foni akukumana ndi dzina lina, ADHD, limene m'Chipwitikizi ambiri amati TDAH, ndipo akudzifunsa ngati mwanayo alibe vuto la mu ubongo. Kufunsa kotere kuli ndi chifundo kuposa kukalipa. Koma m'sukulu za ku Etatara m'boma la Cuamba, ndiponso za ku Mandimba ndi ku Ngauma, pali funso lina loyenera kutsogola: kodi ntchitoyo inaperekedwa m'chilankhulo chimene mwanayo amamva?

Vutoli lilipodi

ADHD si nkhani yopeka, ndipo si ya lero. Dokotala wa ku Scotland, Alexander Crichton, analemba mu 1798 za anthu olephera kuika maganizo pa chinthu chimodzi kwa nthawi, ndipo George Still anafotokoza za ana otero ku London mu 1902. Mu 2007 gulu lotsogoleredwa ndi Guilherme Polanczyk linaphatikiza kafukufuku wa m'maiko ambiri n'kupeza kuti ana pafupifupi 5 mwa 100 alionse ali ndi vutoli. Kuphatikiza kwina kwa mu 2020, koona za mu Africa mokha, kunapeza pafupifupi 7 mwa 100. Ngati ziwerengerozi zili pafupi ndi zoona kum'mwera kwa Niassa, kalasi ya ana 60 ikhoza kukhala ndi atatu kapena anayi otero. Vutoli limayenda kwambiri m'magazi. Silibwera chifukwa cha kulera molekerera, ndipo si kulodzedwa.

Kumaliza ntchito kumaoneka chinthu chimodzi, koma ubongo umachita zingapo nthawi yomweyo. Umasunga malangizo pamene dzanja likulemba, umakana phokoso la panja, umakumbukira pamene wafika, ndipo umapitiriza ngakhale kukoma kwa chinthu chatsopano kutatha. Kwa munthu wa ADHD kuyamba sikuvuta kwenikweni, chifukwa chatsopano chimakopa chokha. Pakati pa ntchito ndiye pamene pamagona vuto, pamene chatsala n'kubwereza ndipo mphotho ili kutali. Ana ena otero amayendayenda, amadula anzawo mawu, ndipo aliyense amawaona. Ena, makamaka atsikana, amakhala phee, maso pa bolodi koma maganizo kwina, ndipo amadutsa chaka chonse popanda wowazindikira.

Buku limene madokotala ambiri amagwiritsa ntchito, DSM-5, lotuluka mu 2013, limatchula zizindikiro zisanu ndi zinayi za kusaika maganizo pa ntchito, ndipo kusamaliza ntchito za kusukulu kapena za pakhomo ndi chimodzi chabe mwa izo. Mwana amayenera kuonetsa zisanu ndi chimodzi, kwa miyezi yosachepera isanu ndi umodzi. Zina mwa izo ziyenera kukhala zitayamba asanafike zaka 12, zioneke m'malo awiri kapena kuposerapo, monga kusukulu ndi kunyumba, ndipo zikhale zikumusokonezadi pa moyo wake. Pali mfundo ina m'bukumo imene owerenga mothamanga amailumpha: zizindikirozo zisakhale zochokera kungoti munthuyo sanamve ntchito kapena malangizo.

Pamene malangizo sakumveka

Mfundo yomalizayi ndi yolemera kwambiri ku Mozambique. Kalembera wa 2017 anasonyeza kuti munthu mmodzi yekha mwa asanu ndi mmodzi ndiye anakula akulankhula Chipwitikizi ngati chilankhulo choyamba, ndipo ambiri mwa otero ali m'mizinda. M'midzi ya boma la Cuamba ana ambiri amafika kusukulu ndi Chimakhuwa, ku Ngauma ndi Chiyao, pamene ku Mandimba, pa malire ndi Malawi, Chiyao, Chinyanja ndi Chimakhuwa zimakumana pa msika umodzi. Ochuluka amayamba kumva Chipwitikizi tsiku lonse pamene alowa kalasi yoyamba.

Mwachitsanzo, mphunzitsi anene m'Chipwitikizi kuti ana akope ziganizo zitatu, adule mzere pansi pa maina, kenako alembe chiganizo chawochawo. Mwana amene akuphunzira kumene chilankhulocho amathera mphamvu zake pa kumasulira mawu oyamba, ndipo pamene akuwamvetsa, achiwiri ndi achitatu apita kale. Akopa ziganizo chifukwa kukopa sikufuna kumva, ndipo akuona anzake akukopa. Kenako aima. Patapita mphindi zochepa ayamba kuseweretsa cholembera, kuyang'ana pa windo, kugwira mnzake. Woona patali angawerenge zizindikiro zinayi kapena zisanu za m'buku lija pa mwana amene ubongo wake ulibe vuto lililonse. Munthu wamkulu wokhala pa msonkhano wa maola anayi m'chilankhulo chachilendo amachitanso zomwezo, kungoti iye palibe womulembera lipoti.

Zimenezi zaonedwa kale m'dziko muno. Ntchito yoyesera ya PEBIMO, kuyambira 1993 mpaka 1997, inaphunzitsa ana m'Chinyanja ndi Chipwitikizi ku Tete, ndiponso m'Chichangana ndi Chipwitikizi ku Gaza. Carol Benson, amene anaiunika, anapeza kuti ana ankalankhula ndi kutenga mbali kwambiri m'makalasi amenewo. Boma linayamba maphunziro a zilankhulo ziwiri mu 2003, ndipo ku Niassa ndi ku Cabo Delgado bungwe la Progresso linathandiza ndi mabuku ndi maphunziro a aphunzitsi. Feliciano Chimbutane, m'buku lake la mu 2011 lochokera m'sukulu ziwiri za ku Gaza, anafotokoza ana amene ankafunsa ndi kutsutsa momasuka m'chilankhulo chawo, koma ankangoyankhira pamodzi mawu oloweza phunziro likakhala la m'Chipwitikizi. Anawo anali omwewo, mphunzitsinso nthawi zina yemweyo.

Choncho kalasi ya zilankhulo ziwiri imapatsa mphunzitsi mwayi umene kalasi ya Chipwitikizi chokha ilibe: kuona mwana mmodzi akugwira ntchito yofanana m'zilankhulo zonse. Ngati amamaliza masamu ofotokozedwa m'Chimakhuwa koma amalekeza ofotokozedwa m'Chipwitikizi, chofunika ndi kumulimbitsa m'Chipwitikizi, osati kumutumiza kuchipatala. Ngati kulekeza kunayamba m'kalasi yachinayi, pamene dongosolo la mu 2003 linaika kusintha kwa chilankhulo chophunzitsira, mwana atayenda bwino zaka zitatu, nthawiyo payokha ikuloza kumene kuli vuto. Koma ngati amalekeza m'zilankhulo zonse, amataya kope ndi cholembera sabata ndi sabata, ndipo amayi ake akuti akamutuma kuchigayo amakathera ku mpira thumba litasiyidwa panjira, pamenepo nkhani ya ADHD yayamba kulemera.

Apa pali msampha wa mbali ina, umene okonda maphunziro a zilankhulo ziwiri amagweramo. N'zotheka kuika chilichonse pa chilankhulo, mwana amene ali ndi vuto lenileni n'kumangobwereza kalasi mpaka kusiya sukulu. Ndiponso dzina la kalasi lisapusitse munthu. Mwana wa Chiyao amene banja lake lasamukira ku Etatara, n'kulowa kalasi ya Chimakhuwa ndi Chipwitikizi, akuphunzira m'zilankhulo ziwiri zachilendo. Asanayerekeze chilichonse, mphunzitsi ayenera kudziwa chimene mwanayo amalankhula ndi agogo ake.

Njala, malungo ndi makutu

Chilankhulo si chokhacho chofanana ndi ADHD. Chaka cha sukulu ku Mozambique chimayamba cha mu February, nthawi imene nkhokwe zambiri zili zopanda kanthu chimanga chisanache, ndipo mwana wobwera m'mimba muli zii sangaike maganizo pa chilichonse ikamakwana 10 koloko. Kuchepa kwa magazi, likodzo ndi njoka za m'mimba zimafooketsa chimodzimodzi. Mwana amene khutu lake linatuluka mafinya nthawi yaitali akhoza kumva theka la mawu, makamaka akakhala kumbuyo. Pali mtundu wina wa khunyu umene mwana sagwa, amangoti duu kwa masekondi ochepa kangapo pa tsiku, n'kutaya pamene anali.

Malungo a mu ubongo ndi ofunika kuwafunsa mwapadera. Kafukufuku wa ku Blantyre, wotsogoleredwa ndi Gretchen Birbeck ndi kusindikizidwa mu 2010, anatsatira ana amene anachira malungo otero pa chipatala cha Queen Elizabeth. Pafupifupi mmodzi mwa khumi anayamba khunyu, ndipo chiwerengero chofanana chinayamba khalidwe lovuta limene analibe kale. Ofufuza a ku Uganda anapezanso kuti kuika maganizo pa ntchito ndi gawo limene limawonongeka kawirikawiri mwa ana otero. Kholo likanena kuti mwana anasintha atakomoka ndi malungo, wachipatala ayenera kumva zimenezo poyamba.

Akuluakulu nawonso amadzifunsa funso lomweli, pakuti vutoli silitha mwa onse akakula: pafupifupi akuluakulu 2 kapena 3 mwa 100 ali nalo. Koma nyumba yoima zaka zitatu yopanda malata nthawi zambiri ikudikira ndalama za thonje kapena za fodya, ndipo mphunzitsi amene waimitsa maphunziro ake a patali mwina akuphunzitsa m'mawa ndi masana omwe. Zimayamba kukayikitsa pamene ndalama ndi nthawi zilipo, ntchito zoyambidwa n'zambiri, zomalizidwa palibe, ndipo achibale akukumbukira kuti anali wotero kuyambira ali mwana.

Zimene mphunzitsi angachite

Mphunzitsi si dokotala, ndipo kulemba TDAH pa dzina la mwana si ntchito yake. Chimene angathe, ngakhale m'kalasi yodzaza, ndi kusintha kaperekedwe ka ntchito. Langizo limodzi pa nthawi, m'chilankhulo cha mwanayo, iye n'kulibwereza m'mawu akeake asanayambe. Mafunso khumi agawidwe awiriawiri, ndipo akamaliza awiri abweretse kope lichongedwe, kuti mphotho ifike msanga ndipo miyendo iyendeko. Akhale kutsogolo, kutali ndi khomo. Ntchito yogawa mabuku kapena kufufuta bolodi ipite kwa amene sangathe kukhala pansi. Njirazi zimathandiza mwana wa ADHD ndi mwana wosamva Chipwitikizi mofanana, choncho palibe chifukwa chodikira dzina la vuto. Chikwapu sichithandiza aliyense mwa awiriwa.

Ngati patapita miyezi iwiri kapena itatu palibe kusintha, ndi nthawi yokhala pansi ndi makolo, m'chilankhulo chawo, n'kuwafunsa za kunyumba, za kumunda, za matenda akale. Mozambique yakhala ikuphunzitsa ma técnico de psiquiatria kuyambira 1996 kuti thandizo la matenda a maganizo lifike m'maboma, ndipo malangizo a World Health Organization amaika patsogolo kuphunzitsa makolo ndi kugwirizana ndi sukulu, mankhwala n'kubwera pambuyo pokhapokha katswiri ataona kuti akufunika. Wachipatalayo adzaona mwana kwa mphindi zochepa, mwinanso m'Chipwitikizi. Chimene chingamuthandize kwambiri ndi pepala lochokera kwa mphunzitsi, la milungu inayi kapena isanu, losonyeza pa ntchito iliyonse tsiku, ola, chilankhulo chimene inaperekedwera, pamene mwana anaimira, ndiponso ngati anali atadya m'mawa umenewo.