Kuyamba n'kulowa: phunziro la ku Mphunzi pa mau oti "initiate"

Masiku ano nduna ikaima pamsonkhano, kapena mkulu wa bungwe akamalankhula pa wailesi, sipatha mphindi zisanu musanamve mau oti "initiative". Boma lili ndi initiative yake, mabungwe ali ndi zawo. Ngakhale anyamata a kaunjika akagwirizana zoyamba chipereganyu, wina amene anaponda Fomu 4 amati, "Aise, imeneyitu ndi initiative." Mauwa amera ngati bowa wa m'dzinja. Koma kodi timawamvetsa? Nanga bwanji mau omwewa, akangosintha kumchira n'kukhala "initiation", amatitengera ku chinamwali?

Tiyambe ndi gwero lake. Angerezi anabwereka mauwa ku Chilatini, komwe "initium" ndi chiyambi. Koma "initium" naye anachokera ku "inire", kutanthauza kulowa. Tsono kwa eni ake, kuyamba chinthu kunali kulowamo, monga munthu alowa m'nyumba kapena m'munda.

Pa tsinde limeneli panaphuka nthambi zingapo, ndipo inu a MSCE mumvetsetse. "Initiate" ndi kuyambitsa chinthu chachikulu, chadongosolo, monga zokambirana, mlandu kapena ntchito yachitukuko. Musakalembe kuti munachita initiate kudya nsima, olemba mayeso adzakusekani. Pamenepo "start" ndi wokwanira. "Initial" ndi choyambirira. Inu amalonda mumakumana naye kubanki akamati "initial deposit", ndalama yotsegulira buku, kapena "initial capital", umene ife timangoti mpamba. "Initials" ndi zilembo zoyamba za maina anu, zija akuuzani kuti mulembe m'munsi mwa tsamba lililonse la pangano la ngongole. Pomwe "initiative" ali pawiri: ndi ndondomeko yatsopano, komanso ndi mtima wodziyambira wekha ntchito osadikira kutumidwa.

Nthambi yotsala ndiyo imene ambiri timaiiwala. Mngerezi akati wachita initiate munthu, ndiye kuti wamulowetsa m'gulu, wamuululira zimene akunja sadziwa. Ife tili nawo mau athuathu: kuvinira, kumeta, kulanga, kugula njira. Ndipo amene akufuna kuona tanthauzo limeneli ndi maso ake akwere basi apite ku Dedza.

Phiri la Mphunzi ndi limodzi mwa malo a zojambula za pamiyala a m'dera la Chongoni. Dera lonselo lili ndi malo 127 otere, ndipo mu 2006 bungwe la UNESCO linaliika pa mndandanda wa chuma cha dziko lonse lapansi. Mphunzi, Chentcherere ndi Namzeze ndiwo malo amene alendo amafikako kawirikawiri. Zojambula zofiira, za mizere ndi zozungulira, akatswiri amati n'za Akafula, alenje amene Achewa anawapeza kuno. Zoyera, zopaka ndi chala, n'za Achewa. Zina n'zilombo za nyau. Zina zili ngati chikopa chokhomedwa padzuwa kapena buluzi wotambasula miyendo, ndipo ofufuza monga Benjamin Smith ndi Leslie Zubieta amazilumikiza ndi chinamwali cha atsikana. Mwalawo unali ngati bolodi la m'kalasi: namkungwi ankaloza chithunzi kuti namwali asaiwale mwambo umene wauzidwa.

M'mabuku a alendo zonsezi amangozitchula kuti "initiation rock art". Mauwo sanalakwike, koma ndi chipewa chaching'ono pa mutu waukulu. Chinamwali sichinali tsiku limodzi la ng'oma ndi nthungululu. Panali namkungwi wodziwa mwambo, panali mfumu mwini mzinda, panalinso phungu, munthu wamkulu woyenda ndi namwali, womulangiza, womuyankhira akalakwa. Gule akatha, anthu akabalalika, phungu sabalalika nawo. Mtsikana uja akadzakwatiwa, akadzaima, malangizo ankapitirira.

Ngakhale amishoni a Dutch Reformed, amene anatsegula mishoni yawo pa Mphunzi mu 1903 ndipo ankadana ndi nyau ndi chinamwali, anadzazindikira kuti mwana sangangolowa ukulu popanda womugwira dzanja. N'chifukwa chake m'mipingo ya Sinodi ya Nkhoma munadzabadwa chilangizo, ndi alangizi ake. Anasintha nyimbo ndi zophunzitsa, koma mpando wa mlangizi sanauchotse.

Sitikunena kuti zonse za kutsimba zinali zokoma ayi. Mwambo wa fisi ndi kukwatitsa ana aang'ono zaononga atsikana ambiri. Ku Dedza komweko Inkosi Theresa Kachindamoto anatchuka pothetsa maukwati a ana ndi kuwabwezera kusukulu, ndipo mu 2017 Nyumba ya Malamulo inasintha malamulo aakulu a dziko kuti munthu asalowe m'banja asanakwane zaka 18. Zoipazo zipite ndithu. Koma potaya madzi a nsima tisataye ndi mthiko womwe. Nzeru yakuti woyamba chinthu amafuna phungu ndi yosunga.

Nzeru imeneyi ndiyo yasowa m'ma initiative athu. Tatenga theka la mau, lija la kuyambitsa, n'kusiya lija la kulowa ndi kulangizidwa. Timadula riboni, amayi avina, Fanta amwedwa, magalimoto abwerera ku Lilongwe, basi kwatha. Mu Okutobala 2010 doko la Nsanje linatsegulidwa ndi mwambo waukulu, atsogoleri a maiko oyandikana nafe alipo, koma zombo zimene tinkayembekezera sizinabwere, chifukwa nkhani ya njira ya m'madzi inali isanathe ndi anzathu a ku Mozambique. Greenbelt Initiative ya nthawi ya Bingu wa Mutharika inalonjeza ulimi wothirira pa mahekitala pafupifupi 1 miliyoni. Funsani alimi a m'mbali mwa nyanja ndi Shire ngati anaiona yonseyo. Koma HIPC Initiative, ndondomeko ya World Bank ndi IMF yokhululukira maiko osauka ngongole, inafika pamapeto ndipo Malawi anakhululukidwa ngongole zambiri mu 2006. Kusiyana kwake? Kumeneko kunali otilondola khosi mpaka titamaliza, ngakhale kuti ulangizi wawo unali wowawa ngati tsabola.

Chodabwitsa n'chakuti munthu amene timamutuma ku Nyumba ya Malamulo timamutchanso phungu. Dzinalo ndi lolemera. Phungu weniweni sathawa namwali wake gule akangotha. Tsono phungu wongoonekera pa tsiku loika mwala wa maziko, n'kudzaonekanso pa kampeni, dzinali analitenga kuti?

Inunso amalonda nkhaniyi ikukhudzani. Ambiri amaganiza kuti geni ndi mpamba basi. Munthu alandira kangongole, agula katundu, ayala pa Limbe kapena pa Tsoka, miyezi itatu mpamba wadyeka. Sanafunse akale pamsika kuti katundu uyu amayenda mwezi uti, ziphaso amadula kuti, wangongole umamukana bwanji osadana naye. Safunsa anadya phula. Msika nawo uli ndi anamkungwi ake, ndipo kukhala pansi kuwamvera si kupusa.

Ophunzira nanu musanamizane. Kuzunza ana a Fomu 1 kusukulu zogonera komweko, kuwachapitsa zovala ndi kuwalanda chiponde n'kumati ndi "initiation", n'kuba mau. Wolowetsa mnzake amamusonyeza njira, samuthyola mwendo. Ndipo mukapita ndi sukulu kukaona mapanga a Chongoni, siyani makala ndi choko m'thumba. Miyala ina kumeneko yaipitsidwa kale ndi anthu olemba maina ndi ma initials awo pamwamba pa zojambula za makolo. Dzina lako pa bolodi la agogo ako, waphunzirapo chiyani?

Choncho mawa mukamva wina akulengeza initiative yatsopano, kaya ndi nduna, kaya ndi tcheyamani wa msika, kaya ndi inu nomwe, funsani mafunso awiri a ku Mphunzi: ndani akulowamo ndi miyendo yonse iwiri, ndipo phungu wake ndani ng'oma zikaleka kulira?