Lamba Woyezera Kuthamanga kwa Magazi

Aliyense amene anapitako ku chipatala cha Kawale, Area 25 kapena Bwaila amam'dziwa lamba wa nsalu amene namwino amamanga pa mkono poyeza kuthamanga kwa magazi. Ambirife maso amakhala pa manambala, osalabadira lambayo. Komatu manambalawo amanama ngati lamba sanalingane ndi mkono, kotero kuti munthu akhoza kuyamba kumwa mankhwala a nthenda imene alibe, kapena kubwerera kunyumba ali nayo osadziwa.

Kunja kwa lamba kuli nsalu yolimba yosatanuka, ndipo m'kati mwake muli kathumba ka mphira kolumikizidwa ndi kapaipi. Mpweya ukapopedwa, nsalu ija imakana kutanuka, motero mphamvu yonse imalowa m'kati n'kukapana mtsempha waukulu wa pa mkono mpaka magazi ataleka kudutsa. Tsono mpweya umatulutsidwa pang'onopang'ono. Woyeza, atatchera khutu ndi chomvetsera chake, akamva kugunda koyamba amalemba nambala yapamwamba. Kugundako kukazimirira amalemba yapansi. Njira yomvetserayi anaitulukira Nikolai Korotkoff wa ku Russia m'chaka cha 1905. Makina a mabatire safuna khutu, pakuti amamva okha kugwedezeka kwa mpweya m'kathumbamo, koma nawonso amadalira lamba yemweyo.

Lamba woyamba anapangidwa ndi Scipione Riva-Rocci wa ku Italy m'chaka cha 1896, ndipo anali wopapatiza, wa masentimita 5 okha m'lifupi. M'chaka cha 1901 Heinrich von Recklinghausen wa ku Germany anaonetsa kuti lamba wopapatiza amakweza manambala, ndipo anam'kulitsa kufika pa masentimita 12. Chifukwa chake n'chosavuta kumva. Kathumba kakang'ono sikafikitsa mphamvu yake yonse pa mtsempha umene uli pansi pa mnofu wochindikala. Woyeza amapopa mpweya wambiri kuti magazi aime, ndipo makina amawerenga mpweya wonsewo ngati kuthamanga kwa magazi. Lamba wokula kuposa mkono amachita zosiyana: amatsitsa manambala. Lamulo lodziwika n'lakuti m'lifupi mwa kathumba mukhale magawo 40 pa 100 a kuzungulira kwa mkono, ndipo m'litali mwake magawo 80.

Nkhaniyi ikutikhudza kwambiri ife a m'tauni. Kafukufuku wa Unduna wa Zaumoyo wa m'chaka cha 2009 anapeza kuti munthu mmodzi mwa atatu aliwonse a zaka 25 mpaka 64 anali ndi nthenda ya kuthamanga kwa magazi, ndipo ochuluka sankadziwa. Wina, wa bungwe la MEIRU, amene anachitika ku Area 25 ndi ku Karonga pakati pa 2013 ndi 2016, anapeza kuti amayi 44 mwa 100 aliwonse a m'tauni anali onenepa kupyola muyeso. Ina mwa mikono yotere siikwana m'lamba wamba, amene pa makina ambiri amalekeza pa masentimita 32. Ku America, ofufuza a pa yunivesite ya Johns Hopkins anaonetsa m'chaka cha 2023 kuti kwa anthu a mikono ikuluikulu zedi, lamba wamba amawonjeza pafupifupi 20 pa nambala yapamwamba. Mayi wa 125 akhoza kulembedwa 145, pamene malire a nthendayi ali pa 140. M'kuona kwanga, chipatala chokhala ndi makina atatu ndi lamba wa msinkhu umodzi n'chosauka kuposa chokhala ndi makina amodzi ndi malamba atatu osiyana.

Chomangira nacho chili ndi ntchito yake. Malamba akale anali ndi mchira wautali wa nsalu umene ankaukulunga n'kuupisa kumapeto, ena anali ndi ngowe. Amakono ali ndi zomata za Velcro, zimene George de Mestral wa ku Switzerland anazipanga ataona mmene njere za thengo zimakakamirira pa zovala, monga chimachitira chisoso chathu. Zomatazi zikadzaza ulusi ndi fumbi zimafooka, lamba amayamba kumasuka akufufuma, ndipo manambala ake sayenera kukhulupiriridwa. Amene amadziyeza okha kunyumba asankhe lamba wokhala ndi mphete yachitsulo, pakuti amamangika ndi dzanja limodzi.

Pomanga, lamba akhale pa khungu, osati pamwamba pa juzi kapena pa dzanja la malaya lopindidwa mothina. Mphepete mwake mwa m'munsi mukhale masentimita 2 kapena 3 pamwamba pa chigongono, chizindikiro cha mtsempha chiloze m'kati mwa mkono, ndipo zala ziwiri zithe kulowa pansi pake. Woyezedwa apume mphindi 5, akhale chotsamira, mkono uli pa tebulo molingana ndi mtima. Ngati muona kuti lamba akuchita kukokedwa kuti akumane, musachite manyazi kupempha namwino kuti ayambe wayeza mkono wanu ndi tepi, pakatikati pa phewa ndi chigongono.