Musanamange ngolo kumbuyo kwa galimoto yotalikitsidwa

Mukaima pamene pamakwerera machapa ku Lichinga m'mamawa, mudzaona magalimoto ena akukoka kangolo kumbuyo, kamene ambiri amakachula kuti atrelado. M'kangolomo mumakhala matumba a nyemba, cimanga, mbatata ya reno ndi katundu wa apaulendo. Zonsezo zimadalira citsulo cimodzi cokha, cokokera cimene camangidwa pansi pa galimoto. Cikazuka galimoto ili pa liwiro, ngolo imayenda yokha. Ilibe ciwongolero, ndipo singasankhe kumene ikagunde.

Ngozi imeneyi imakula kwambiri pa galimoto yakale imene anaitalikitsa kumbuyo. Tiyeni tione cifukwa cake.

Chasisi ndi cowonjezera cake

Pansi pa galimoto monga Toyota Dyna, Mitsubishi Canter kapena Hilux pali zitsulo ziwiri zazitali zimene zimayenda kucokera kutsogolo mpaka kumbuyo. Imeneyi ndiyo chasisi, msana wa galimoto. Injini, masipuling'i ndi bodi zonse zimakhala pamenepo.

Mwini galimoto akafuna kunyamula matumba ambiri, amapita kwa mestre wowocherera kuti alumikize zitsulo zina kumapeto kwa chasisi, bodi italike. Ku Ulaya nakonso amacita zimenezi popanga magalimoto okhala ndi cipinda cogona ndi khichini, aja alendo amayenda nawo maulendo ataliatali. Amatenga chasisi ya galimoto monga Fiat Ducato, n'kuwonjezera zitsulo kumbuyo kuti cipinda cikule. Pa magalimoto ambiri akale a mtundu umenewu, zitsulo zowonjezerazo n'zopyapyala, cifukwa nchito yake ndi kungogwira pansi pa cipinda basi. Sanazipangire kukoka kanthu.

Cowonjezera cili ngati khonde limene mwalumikiza ku nyumba. Limachinga mvula bwinobwino, koma munthu wanzeru sangamangirire ng'ombe yamphongo pa mzati wa khonde.

Mphamvu zimene cokokera cimakumana nazo

Ngolo simangokoka cokokera cammbuyo ayi. Galimoto ikamanyamuka, ngolo imakoka. Mukaponda mabuleki, imakankha. Mukalowa m'dzenje, imatsindika pansi kenako n'kunyamula m'mwamba. Pokhota, imapotoza cam'mbali. Zimenezi zimacitika kambirimbiri pa ulendo umodzi, ndipo citsulo cimatopa monga waya amene mukumupinda uku ndi uku. Mng'alu umayambira pamene anawocherera, kumene maso safika.

Taganizani za msewu wa ku Metangula. Lichinga ili pamtunda wa mamita oposa 1,300 kucokera pamene pali nyanja yamcere, pamene nyanja ya Niassa ili pansi pa mamita 500. Pa ulendo wa makilomita pafupifupi 100, galimoto imatsika mamita oposa 800, ndipo pa citsikwetsikwe ciliconse ngolo imakhala ikukankha galimoto kumbuyo. Pobwerera, ngolo itadzaza nsomba ndi katundu wina, imakoka pa citunda conse.

Palinso nkhani ya kutalika. Nyamulani ndowa ya madzi pafupi ndi thupi, kenako tambasulani mkono. Ndowa ndi yomweyo, koma phewa likumva kuwawa, si conco? Galimoto nayonso imatero. Tinene kuti pakati pa matayala akutsogolo ndi akumbuyo pali mamita 3, ndipo mutu wa ngolo ukutsindika cokokera ndi makilogalamu 90. Cokokera cikakhala mita 1 kumbuyo kwa matayala akumbuyo, matayalawo amalandira makilogalamu 120 owonjezera, ndipo akutsogolo amapepuka ndi makilogalamu 30. Mukatalikitsa chasisi, cokokera n'kufika pa mamita 2, akumbuyo amalandira 150, akutsogolo amapepuka ndi 60. Matayala akutsogolo akapepuka, ciwongolero sicimvera bwino, makamaka pa msewu woterera nthawi ya mvula.

Kamangidwe koyenera

Coyamba, gonani pansi pa galimoto ndi tochi ndi nyundo yaing'ono. Pezani pamene chasisi ya ku fakitale ikuthera ndi pamene cowonjezera cikuyambira. Palani matope ndi dzimbiri, gogodani. Citsulo cabwino cimalira kuti ngwee, codyedwa ndi dzimbiri cimangoti phu, mwina n'kubowoka. Mukapeza cotere, nkhani ya ngolo iyambe yaima mpaka chasisi itakonzedwa.

Caciwiri, cokokera cisagwire pa cowonjezera cokha, ndiponso cisagwire pa bampala. Mestre wodziwa nchito amapanga zitsulo ziwiri zocindikala, cimodzi mbali iliyonse, zimene zimayambira pa cokokera, n'kutsata cowonjezera conse, n'kukalowa ndithu pa chasisi yeniyeni. Kumbuyo amazilumikiza ndi citsulo copingasa, ndipo mpira wokokera umakhala pakati pa cimeneco. Motero mphamvu ya ngolo imadutsa cowonjezera n'kukafika pa msana wa galimoto.

Cacitatu, zitsulozo zimangidwe ndi mabawuti olimba. Yang'anani pamutu pa bawuti, payenera kulembedwa 8.8 kapena 10.9. Bawuti yopanda nambala ndi ya pageti, si ya galimoto. Mabowo abooledwe m'mbali mwa citsulo ca chasisi, osati pa milomo yake yapamwamba ndi yapansi, cifukwa milomoyo ndiyo imasenza katundu. Ngati mabowo a ku fakitale alipo kale, gwiritsani nchito omwewo. Kuwocherera mopingasa milomo ya chasisi n'koopsa, popeza moto umafooketsa citsulo pomwepo.

Cacinayi, mpira ndi cigwiriro ca ngolo zikhale za muyeso umodzi. Mpira wofala kwambiri ndi wa mamilimita 50. Ikaninso cheni colimba cimene cingagwire ngolo ngati cigwiriro camasuka, ndipo cheniyo ikoledwe pa citsulo copingasa cija. Musaiwale magetsi. Wobwera kumbuyo kwanu usiku pa msewu wa N13 wopita ku Mandimba ndi Cuamba ayenera kuona kuti mwaponda mabuleki kapena mukukhota.

Kulemera ndi mapepala

Cokokera colimba sicisintha mphamvu ya mabuleki ndi injini. Tsegulani livrete ya galimoto yanu muone tara ndi peso bruto. Kulemera kumene mutu wa ngolo ukutsindika kumawerengedwa monga katundu wa galimotoyo. M'maiko ambiri, ngolo yopanda mabuleki akeake siloledwa kupitirira makilogalamu 750, kuphatikiza ngoloyo ndi katundu wake. Ngati ngolo payokha ikulemera makilogalamu 250, ndiye kuti matumba 10 a makilogalamu 50 akwana, basi. Matumba olemera akhale pamwamba pa ekiselo ya ngolo, mopendekera pang'ono kutsogolo. Mukaunjika kumbuyo, ngolo imayamba kuvina pa msewu, ndipo imatha kugwetsa galimoto.

Kutalikitsa chasisi ndi kusintha mmene galimoto inalembedwera. Conco musanalipire mestre, pitani ku ofesi ya INATRO mukafunse za kusinthako, za mapepala a ngolo, ndiponso ngati laisensi yanu ikukulolani kukoka ngolo ya kulemera kumeneko.

Nchito ikatha, yendani ulendo waufupi ndi katundu wocepa, kenako bwererani ndi sipanala mukamangitsenso mabawuti onse. Muzitero nthawi ndi nthawi. Mukaona kamzere kofiira ka dzimbiri kakutuluka pansi pa bawuti kapena pamene anawocherera, dziwani kuti citsulo cayamba kusuntha kapena kung'aluka. Tsiku limenelo masulani ngolo, isiyeni pakhomo, mupite kwa mestre galimoto ili yokha.