Kacidutswa Kochinga Kutentha kwa Injini

Phunziro lathu la lero liri la kutentha, ndi m'mene kumayendera kucokera m'cinthu cimodzi kunka m'cinzake. Tiyamba ndi ulendo wa pa mseu.

Ganizirani galimoto yakale ya petulo imene iri kucokera ku Chipata kunka ku Lusaka m'mwezi wa October. Yafika pa ulalo wa Luangwa dzuwa liri paliwombo. M'cigwa cimeneci kutentha kumapitirira madigiri 40 pa nyengo yotere. Woyendetsa aima kuti anthu agule nsomba ndi kumwa madzi. Patapita mphindi khumi ayesa kuliza injini, koma ikana. Batire iri bwino, m'thanki muli petulo, ndipo fungo lake lamveka ponseponse. Ngati m'galimotomo muli wodwala amene afulumira naye ku cipatala, kucedwa kotere si nkhani yaing'ono. Kodi calakwika n'ciani? Kawirikawiri yankho ndi lakuti petulo wawira m'kabureta.

Petulo sangayake popanda mpweya. Kabureta ndiyo imasanganiza ziwirizi pa muyeso wake, ndiwo kilogramu imodzi ya petulo ku makilogramu pafupifupi 15 a mpweya. M'kati mwake muli kambale kosungamo petulo pang'ono, ndi timabowo ting'onoting'ono topitamo petuloyo. Kabureta imakhala pamwamba pa paipi yacitsulo ya nthambi zingapo yochedwa manifodi, imene imagawira msanganizowo ku masilinda onse. Palinso manifodi yaciwiri yotulutsa utsi, ndipo injini ikamagwira nchito yaikulu imeneyi imatentha kupitirira madigiri 500.

M'mainjini ambiri akale, monga ya Land Rover ya malita 2.25 imene inayamba kupangidwa m'caka ca 1958, mamanifodi awiriwa ali mbali imodzi ndipo ndi omangidwa pamodzi. Anatero mwadala. M'mawa wozizira wa mwezi wa June petulo afuna kufundirako kuti asanduke nthunzi ndi kuyaka bwino. Koma cimene cithandiza m'cisanu cimabvutitsa m'cilimwe.

Tsono tamverani m'mene kutentha kumayendera. Mukasiya supuni yacitsulo m'phala lotentha, posacedwa cigwiriro cake cimakuochani, koma mthiko mumaugwira popanda bvuto. Citsulo cimapititsa kutentha msanga, mtengo umakucedwetsa. Mkuwa wathu wa ku Copperbelt uli pakati pa zitsulo zopititsa kutentha msanga koposa, n'cifukwa cake maredieta a magalimoto akale anali kupangidwa ndi mkuwa. Aluminiyamu, imene mamanifodi ambiri amapangidwa nayo, nayonso imapititsa kutentha bwino kwambiri.

Galimoto ikamayenda, kabureta siitentha kwenikweni. Mpweya watsopano umapitamo kosalekeza, fani imakupiza, ndipo petulo posanduka nthunzi amatenga kutentha, monga m'mene thukuta limaziziritsira thupi likamauma. Injini ikazimitsidwa, zonsezi zimaleka nthawi imodzi, koma zitsulo zikali zotentha. Kutentha kumakwera kucokera m'manifodi kulowa m'kabureta, monga muja kukwerera m'supuni.

Petulo si madzi a mtundu umodzi, koma msanganizo wa mafuta ambiri. Opepuka mwa iwo amayamba kuwira pa madigiri pafupifupi 40, pamene olemera amafika pafupi ndi 200. Ndiponso malo akakhala okwera, zinthu zimawira msanga. M'mbali mwa nyanja yamcere madzi amawira pa madigiri 100, koma ku Lusaka, kumene kuli pa mtunda wa mamita pafupifupi 1,280, amawira pa madigiri 96. Ndi petulo ziri cimodzimodzi. Akawira m'kambale kaja amasefukira m'manifodi. Pamenepo msanganizo umacuruka petulo, mapulagi amanyowa, ndipo injini imakana kulira. Nthawi zina kambale kamauma ndithu, ndipo woyendetsa amazunguza injini nthawi yaitali kufikira pampu itadzazanso, mwina mpaka batire kutha mphamvu.

Amakanika ali ndi njira yapafupi yocepetsera bvutoli. Pakati pa kabureta ndi manifodi amaikapo kacidutswa kaphanthiphanthi kochedwa sipesa. Kali ndi bowo lolingana ndi khosi la kabureta kuti msanganizo uzipita bwino, ndi mabowo ena a mabauti. Kucindikala kwake kumayambira pa mamilimita 6 kufika pa 25. Nchito yake ndi yofanana ndi ya cigwiriro camtengo pa poto: kulekanitsa citsulo cotentha ndi cinthu cimene sitifuna kuti citenthe.

Masipesa ambiri amapangidwa ndi pulasitiki yolimba ya mtundu wa Bakelite. Anaitulukira ndi Leo Baekeland, munthu wobadwira ku Belgium, m'caka ca 1907 pamene anali kugwira nchito ku America. Pulasitiki imeneyi siisungunuka ndi kutentha kwa manifodi, petulo saiononga, ndipo aluminiyamu imaiposa nthawi mazana angapo pa kupititsa kutentha. Ena amasema sipesa ya mtengo wolimba. Imachinga kutentha bwino, koma m'kupita kwa nthawi imamwa petulo, nipindika kapena kung'aluka. Aliponso masipesa a aluminiyamu. Amenewo amakweza kabureta cabe, kutentha sakuchinga kwenikweni.

Poika sipesa pafunika kusamala zinthu zinai. Coyamba, pamwamba ndi pansi pake paikidwe gasiketi yatsopano, pakuti mpweya ukalowera pa mpata msanganizo umacepa petulo ndipo injini imalira modukiza. Caciwiri, mabauti akhale aatali mokwanira, ndipo manati amangidwe pang'onopang'ono mopingasa, kuopa kupinda tsinde la kabureta. Cacitatu, popeza kabureta yakwera, aone ngati boneti itsekeka bwino. Cacinai, waya wa cipondero ca mafuta uziyenda momasuka. Ukakodwa, galimoto ingathamange yokha. Nchito imeneyi ndi ya akulu, pa injini yozizira, kutali ndi moto kapena fodya. Ana inu, musasewere ndi petulo. Nthunzi yake imayaka ngakhale ndi kamoto kakang'ono.

Sipesa siithetsa zonse. Imacedwetsa kutentha kodzera m'citsulo, koma kwina kumafika ngati m'mene moto wa m'mbaula umatifikira tikamaotha osaukhudza. Kuchinga kumeneko amaika kalata kakang'ono pakati pa manifodi ya utsi ndi kabureta. Paipi ya petulo ikadutsa pafupi ndi citsulo cotentha, petulo angawire asanafike n'komwe ku kabureta. Ndipo ngati redieta yatsekeka kapena madzi acepa, sipesa siingapulumutse injini.

Kuyambira m'zaka za m'ma 1990 magalimoto atsopano ambiri alibe kabureta. Petulo amapoperedwa ndi pampu yamphamvu, ndipo kompyuta ndiyo imayesa muyeso. Komabe kabureta ikalipo m'njinga zamoto zambiri, m'majenereta ndi m'mapampu a madzi a petulo. Makanika akamasula kabureta ya jenereta mudzaona kacidutswa kakuda pakati pa iyo ndi injini. Ndiko kaja taphunzira lero, ndipo sikayenera kutayidwa pomanganso.

Aphunzitsi, mungayese izi m'kalasi. Thirani madzi otentha m'kapu, muikemo supuni yacitsulo, supuni yapulasitiki ndi kamtengo, zonse zautali wofanana. Kunsonga kwa ciriconse pakani majarini pang'ono ndi kumatapo njere ya cimanga. Ana ayambe anena imene aganiza kuti idzagwa poyamba, kenaka apenyerere ndi kulemba zimene aona. Madzi otenthawo agwire ndinu nokha.

Pomaliza, ana ayankhe mafunso awa m'mabuku mwao. Cifukwa ninji kabureta imatentha kwambiri injini itazimitsidwa kuposa pamene iri kuyenda? Cifukwa ninji sipesa ya aluminiyamu siithandiza pa kutentha? Chulani ziwiya zitatu za kunyumba kwanu zimene ziri ndi cigwiriro camtengo kapena capulasitiki, ndipo fotokozani cifukwa cake.