Mwana akati akufuna digiri yachiwiri

Chithunzi chili pakhoma pabalaza, mwana atavala mkanjo ndi chisoti chamakona anayi. Mbuzi inaphedwa, achibale anavina mpaka fumbi koboo, ndipo ngongole ya kwa wogula mtedza pa Kamwendo inabwezedwa. Makolo n'kumati tsopano tapuma. Koma pasanathe zaka ziwiri, mwana yemwe uja akubwera madzulo ena, akukhala pansi mwaulemu, n'kunena kuti akufuna kubwereranso kusukulu kukachita Masters.

M'mabanja ambiri a ku Mkanda, Kapiri, Waliranji ngakhale pa boma penipeni pa Mchinji, funso loyamba limakhala lakuti kodi sukuluyi ili ndi polekezera? Lachiwiri, lomwe silinenedwa mokweza, n'lakuti ndalama zake zichokera kuti pomwe azing'ono ake akadali ku sekondale?

Mafunso onsewa ndi oyenera, ndipo kholo lisachite manyazi kuwafunsa. Koma lisanayankhe kuti eya kapena ayi, ndi bwino lidziwe chomwe mwanayo akupempha.

Masters ndi digiri yachiwiri, yomwe munthu amachita akamaliza yoyamba ija ya zaka zinayi. M'sukulu zathu za ukachenjede kawirikawiri imatenga zaka ziwiri, ndipo ilipo ya mitundu iwiri. Ina ndi ya kafukufuku yekhayekha. Wophunzira amapatsidwa mphunzitsi womuyang'anira, n'kusankha funso limodzi loti alifufuze mpaka alembe buku lake. Kalasi kulibe, belu kulibe, wokukumbutsa kuti udzuke kulibe. Njirayi imakomera munthu yemwe ali kale m'bungwe lochita kafukufuku, komwe zipangizo ndi galimoto zilipo.

Mtundu winawo ndi wa m'kalasi, womwe pachingerezi amati coursework. Chaka choyamba wophunzira amakhala pa desiki ngati kale, kumvera aphunzitsi, kulowa m'labotale ndi kulemba mayeso. Chaka chachiwiri ndiye amachita kafukufuku wake, koma wocheperapo. Ubwino wake ndi wakuti maphunziro ambiri otere amakonzedwa moganizira anthu apantchito. Ena amaphunzitsidwa Loweruka ndi Lamulungu, ena m'zigawozigawo, munthu kukhala kusukulu milungu ingapo kenako kubwerera kuntchito kwake. Kwa mphunzitsi wa sayansi pa sekondale yoyendera, wa zaumoyo pachipatala cha boma kapena mkulu wa zaulimi yemwe ali ndi digiri kale, iyi ndiyo njira yomwe siyizimitsa moto kunyumba, chifukwa malipiro amakhala akubwerabe.

Tinenerepo apa kuti wa dipuloma sangalumphe. Ayenera ayambe wapeza digiri yoyamba, ndipo sukulu zambiri zimafuna kuti akhale kuti anakhoza bwino, kapena ali ndi zaka zingapo akugwira ntchito yogwirizana ndi zomwe akufuna kukaphunzira.

Nanga munthu wa ku Mchinji sayansi yozama chonchi aifuniranji? Yankho lili m'mbiri ya bomali. Mchinji si malo achilendo kwa asayansi. Kuyambira m'zaka za m'ma 2000, pulojekiti ya MaiMwana inagawa bomali m'madera 48 pofuna kuona ngati magulu a amayi komanso alangizi odzipereka a kuyamwitsa angachepetse imfa za amayi ndi makanda. Zotsatira zake zinatuluka mu 2013 mu The Lancet, magazini ya zachipatala yotchuka padziko lonse. Ndondomeko ya Mtukula Pakhomo, yomwe lero ili m'maboma onse, inayesedwa koyamba ku Mchinji mu 2006. Ndipo pomwe dziko la Malawi linakhala loyamba kupereka katemera wa malungo kwa ana mu Epulo 2019, Mchinji linali limodzi mwa maboma 11 omwe anasankhidwa.

Achinyamata ambiri a kuno agwirapo ganyu pa ntchito zoterezi. Azungulira m'midzi panjinga atanyamula mapepala kapena foni, kufunsa mafunso, kuyeza ana pasikelo. Ntchito yawo ndi yomwe imadzaza mabuku. Koma okonza mafunsowo, osanthula ziwerengero ndi olemba dzina pamwamba pa lipoti nthawi zambiri amachokera ku Lilongwe, ku Blantyre kapena ku London. Ganyu ikatha, wa kuno amabwerera kukadikira ina. Chomwe chimawalekanitsa anthu awiriwa nthawi zambiri ndi digiri yachiwiri ija, chifukwa ndi komwe munthu amaphunzira kukonza kafukufuku payekha ndi kuteteza zomwe wapeza pamaso pa akatswiri anzake.

Tengani nkhani ya mtedza, yomwe aliyense kuno amaidziwa. Chuku chomwe chimagwira mtedza wosauma bwino, kapena wowazidwa madzi kuti usavute kuswa, chimatulutsa poizoni wotchedwa aflatoxin. Poizoniyu saoneka ndi maso, sapsa ndi moto wokazingira, ndipo amayambitsa khansa ya chiwindi. Maiko a ku Ulaya salola mtedza wodya anthu womwe uli ndi poizoniyu kupyola magawo 4 pa biliyoni. Ichi ndi chimodzi mwa zifukwa zomwe mtedza wa Malawi unatayira misika ya kunja yomwe unali nayo kale, ndipo alimi a bungwe la MASFA, nthambi ya NASFAM kuno ku Mchinji, anachita kulimbana nacho kwambiri kuti mtedza wawo ulandiridwe ku Britain m'zaka za m'ma 2000. Woyeza poizoniyu m'labotale, wofufuza kaumitsidwe kabwino ndi wopanga mbewu zatsopano, onsewo ndi anthu a sayansi.

Mbewu ya CG7 yomwe inatuluka mu 1990, ndi ya Nsinjiro yomwe imapirira matenda a kadukutu, sizinagwe kumwamba. Zinadutsa m'manja mwa akatswiri a pa Chitedze, pamsewu womwewu wa M12 womwe maminibasi a ku Mchinji amadutsa tsiku ndi tsiku. Ambiri timangoona chikwangwani chake pawindo.

Kwa mwana yemwe mtima wake uli ku zoterezi, khomo lapafupi ndi Bunda. Makolo ambiri amaidziwabe ngati nthambi ya University of Malawi, koma inapatuka mu 2012 ndipo tsopano ndi likulu la LUANAR, yunivesite ya zaulimi ndi zachilengedwe. Kumeneko kuli Masters ya kalimidwe ka mbewu, kapangidwe ka mbewu zatsopano, kuteteza mbewu ku tizilombo ndi matenda, za nthaka, za ziweto komanso za zakudya ndi kadyedwe koyenera. Kulinso likulu la maphunziro a ulimi wa nsomba lotchedwa AquaFish, lomwe linakhazikitsidwa ndi thandizo la World Bank mu 2016 ndipo lakhala likulandira ophunzira ochokera m'maiko ena a mu Africa. Kuchoka pa boma la Mchinji kufika mumzinda wa Lilongwe ndi makilomita pafupifupi 110, kenako ena 30 kulowera ku Mitundu. Munthu atha kunyamuka m'mawa n'kukadya nkhomaliro ku Bunda.

Maina a sukulu zina anasinthanso mu 2021, ndipo izi zimasokoneza ambiri. Chanco ya ku Zomba ndiyo inatsala ndi dzina la University of Malawi, ndipo ili ndi Masters ya sayansi ya zachilengedwe, ya kemisitili komanso ya Biostatistics, yomwe ndi masamu osanthulira ziwerengero za zaumoyo. Amene anazolowera kulemba manambala a odwala m'kaundula, kumeneku n'komwe angaphunzire kuwayankhulitsa manambalawo. College of Medicine ndi Kamuzu College of Nursing anaphatikizana kukhala KUHeS, komwe Masters ya zaumoyo wa anthu, ya Public Health, yakhala ikuphunzitsidwa m'zigawozigawo kwa zaka zoposa 20. Poly ya ku Blantyre tsopano ndi MUBAS, ndipo kumeneko kuli za uinjiniya, za madzi ndi za ukhondo wa m'malo okhala anthu. Ku Thyolo kuli MUST, yomwe inatsegulidwa mu 2014, ndipo kumpoto Mzuzu University ili ndi Masters ya za nkhalango, ya zaukhondo komanso ya masamu otetezera mauthenga a pakompyuta.

Maphunzirowa satsegulidwa onse chaka chilichonse, choncho mwana aziyang'ana zidziwitso m'nyuzipepala ndi pa intaneti, kapena kuimbira ofesi ya kaundula wa sukuluyo.

Tsopano ku nkhani ya ndalama, komwe mtima wa kholo uli. Fizi ya Masters imafika mamiliyoni a kwacha, ndipo ngongole za boma za ophunzira, zomwe bungwe la HESLGB lakhala likupereka kuyambira 2015, zimaganizira kwambiri a digiri yoyamba. Ambiri amadzilipirira okha, kapena kulipiriridwa ndi kuntchito kwawo. Wogwira ntchito m'boma asaiwale kupempha tchuthi cha maphunziro mwadongosolo asanayambe, chifukwa wongosowa pantchito amadzapeza malipiro ataimitsidwa.

Koma masikolashipu alipo, ndipo chomwe chimawawa n'chakuti amapita kwa anthu okhala pafupi ndi nkhani, osati kwa osowetsetsa. Bungwe la RUFORUM, lomwe likulu lake lili ku Kampala ndipo linayamba mu 2004, limathandiza ophunzira zaulimi m'mayunivesite a mu Africa, kuphatikizapo LUANAR. Bungwe la Beit Trust limalipirira ophunzira a maiko atatu okha, Malawi, Zambia ndi Zimbabwe, kukachita maphunziro apamwamba ku Britain kapena ku South Africa. Sikolashipu ya Chevening ya boma la Britain ndi ya Masters ya chaka chimodzi, ndipo imafuna munthu yemwe wagwirapo ntchito zaka ziwiri komanso wolonjeza kubwerera kwawo akamaliza. Kwa odziwa masamu, kuli AIMS, sukulu yomwe Neil Turok anayambitsa ku Cape Town mu 2003 ndipo ili ndi nthambi ku Senegal, Ghana, Cameroon ndi Rwanda. Osankhidwa kumeneko salipira fizi, malo ogona kapena chakudya. Mphunzitsi wa masamu yemwe ali ndi digiri yabwino pa sekondale ina kwa Mavwere ali ndi ufulu wofunsira malo ngati wina aliyense wa m'tauni.

Onsewa amafuna zinthu zofanana, zomwe ndi chikalata cha magiredi a zaka zonse zinayi, makalata a aphunzitsi akale omuchitira umboni, pasipoti ngati ndi kunja, komanso kalata yofotokoza chomwe akufuna kukaphunzira ndi chifukwa chake. Apa ndi pomwe mwana wa ku Mchinji ali ndi mwayi womwe sauzindikira. Wolemba kuti akufuna kutukula dziko amafanana ndi anzake mazanamazana. Wolemba za chuku m'nkhokwe ya amayi ake, kapena za madzi a m'zitsime za m'mudzi mwawo, amaoneka kuti ali ndi funso lenileni.

Pokhala m'malire, maso a ena amaloza kutsidya. Chipata ndi pafupi kuposa Lilongwe, ndipo kuchokera pomwe chipata cha Mchinji ndi Mwami chinaphatikizidwa kukhala chimodzi mu Disembala 2022, kuwoloka kunapepukirako. Ena amafika mpaka ku University of Zambia ku Lusaka, ena ku South Africa, komwe mayunivesite ambiri amalipiritsa ophunzira a m'maiko a SADC fizi yofanana ndi ya eni dziko n'kuwonjezera kandalama kena, potsatira pangano la zamaphunziro lomwe linasainidwa ku Blantyre mu 1997. Koma kumeneko digiri ya kuno imayamba yaunikidwa ndi bungwe lawo la SAQA, ndipo ena amauzidwa kuti ayambe achita chaka cha Honours. Fizi yolipira m'ndalama zakunja nayo ndi msampha. Kwacha inagwa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, n'kugwanso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Banja lomwe linawerengera matumba a soya okwana chaka chonse linadzuka m'mawa matumbawo atakwana miyezi yochepa chabe.

Msampha wina ndi wa sukulu za pa intaneti zolonjeza Masters m'miyezi isanu ndi umodzi popanda mayeso. Sayansi yopanda labotale kapena munda ndi yokayikitsa kale. Bungwe la NCHE, lomwe linakhazikitsidwa ndi lamulo la 2011, ndilo limavomereza sukulu za ukachenjede ndi maphunziro ake m'dziko muno, komanso limaunika mapepala ochokera kunja. Kufunsa kumeneko musanalipire tambala ndi kotchipa kuposa kudzamva pa tsiku la intaviyu kuti pepala la mwana silidziwika.

Pali chinanso chomwe otsatsa maphunziro sanena. Masters si mankhwala a ulova. Mwana yemwe wakhala zaka zitatu osapeza ntchito, n'kuganiza zokabisala kusukulu podikira kuti zinthu zisinthe, atha kudzabwerera ndi mikanjo iwiri koma vuto lomwelo. Ife tikuona kuti ndi bwino ayambe wagwirako ntchito, ngakhale yongodzipereka pachipatala kapena ku ofesi ya zaulimi, kuti adziwe chomwe akusowa. Kholo limufunse mwanayo kuti akufuna kukafufuza chiyani, ndipo akamaliza adzagogoda pakhomo la ndani. Akamayankha mozungulira, ndiye kuti nthawi sinakwane, ndipo ng'ombe zisagulitsidwe.

Banja likavomera, likumbukire kuti povuta si chaka choyamba. Ambiri amakhoza bwino mayeso a m'kalasi, n'kukakakamira pa kafukufuku wa chaka chachiwiri, chifukwa ndalama zoyendera m'midzi, zogulira mankhwala a m'labotale ndi zoyezetsera dothi kapena mbewu nthawi zambiri sizikhala m'gulu la fizi. Ena amatha zaka zinayi pa digiri ya zaka ziwiri, ena amangoisiya, ndipo wosamaliza buku lake salandira Masters ngakhale atakhoza mayeso onse.

Ndalama imeneyi iyenera kuikidwa padera kuyambira pachiyambi. Ndipo si zonse zomwe zimafuna ndalama. Wophunzira za mbewu amafuna kachigawo ka munda koyeserapo, alimi ovomera kuyankha mafunso, ndi mfumu yomulola kulowa m'mudzi. Mphunzitsi wake akavomereza kuti kafukufukuyo achitikire kwawo, zonsezi kholo la ku Mchinji lili nazo kale kuseri kwa nyumba.