Kanema wa Baseball ndi Makanda a ku Chatinkha

Nkhani ya sabata ino ikukhudza malo awiri otalikirana kwambiri: bwalo la masewero mumzinda wa Oakland ku America, ndi chipinda cha makanda cha Chatinkha pa chipatala cha Queen Elizabeth mumzinda wa Blantyre. Konse kuwiriko anthu osowa ndalama anapeza njira yatsopano yogwirira ntchito, ndipo konse kuwiriko njirayo inakumana ndi anthu oikayikira.

M'chaka cha 2011 kunatuluka kanema wotchedwa Moneyball, wochokera m'buku la Michael Lewis la m'chaka cha 2003. Kanemayu amasimba za Billy Beane, amene anali mkulu woyendetsa timu ya baseball ya Oakland Athletics. Pa masewero amenewa, wina amaponya mpira, wina n'kuumenya ndi chibonga, kenaka womenyayo amathamanga kuzungulira malo anayi oikika. Timu imapeza chigoli pokhapokha wosewera atazungulira malo onsewo osatulutsidwa.

M'chaka cha 2002 timu ya Oakland inali ndi madola pafupifupi 40 miliyoni olipirira osewera, pamene New York Yankees inali ndi ndalama zochuluka katatu. Osewera otchuka anali kuchoka, kutsata malipiro. Akuluakulu ofufuza osewera anazolowera kusankha ndi maso: msinkhu, liwiro ndi kaimidwe ka mnyamata. Beane anatembenukira ku ziwerengero, nafunsa funso limodzi lokha: kodi wosewerayu amafika kangati pamalo oyamba osatulutsidwa? Ziwerengerozo zinaloza osewera amene matimu ena anawataya, monga Scott Hatteberg, yemwe anali atavulala chigongono, ndipo anapezeka pamtengo wotsika.

Mu kanemayu akuluakulu aja akuoneka akukwiya, pakuti luso limene analisonkhanitsa kwa zaka zambiri linali kuyesedwa chabe. Koma chaka chimenecho Oakland inapambana masewero 20 motsatizana, ndipo pomaliza inali itapambana 103, chimodzimodzi ndi Yankees. Chikho sinatenge, komabe matimu olemera anayamba kutengera njira yake.

Ku Blantyre nkhani yake inali ya moyo ndi imfa. Khanda lobadwa masiku asanakwane limakhala ndi mapapo osakhwima, amene timatumba take ta mpweya timafota nthawi iliyonse likatulutsa mpweya, kotero kuti limatopa ndi kupuma mpaka kulefuka. Chithandizo chake, chotchedwa CPAP, chinali chodziwika kale: makina amakankhira mpweya pang'onopang'ono m'mphuno mwa khanda kudzera m'timapaipi, kuti timatumba tija tikhale totseguka. Vuto linali mtengo, pakuti makina a m'maiko olemera anali kugulidwa madola zikwi zingapo.

Madokotala a pa Queen Elizabeth, pakati pawo Pulofesa Elizabeth Molyneux ndi Dokotala Kondwani Kawaza, anagwirizana ndi aphunzitsi ndi ophunzira a pa yunivesite ya Rice ku Houston. Funso lawo linafanana ndi la Beane: pa zonse zimene makina odulawo ali nazo, chimene chimapulumutsa khanda n'chiti? Yankho linali mpweya woyenda mosalekeza ndi mphamvu yoyezedwa bwino. Tsono anatenga mapampu ang'onoang'ono opemerera mpweya m'madzi a nsomba zoweta, nalowetsa nsonga ya paipi m'botolo la madzi. Kuzama kwa paipiyo m'madzimo ndiko kumaika mphamvu ya mpweya, ndipo madziwo akamabwata namwino amadziwa kuti makina akugwira. Makinawo anawatcha Pumani, ndipo mtengo wake unali madola mazana owerengeka.

M'chaka cha 2012 anayamba kuwerenga zotsatira ku Chatinkha, pa makanda 87 ovutika kupuma. Mwa amene anathandizidwa ndi makinawa, 71 pa 100 alionse anapulumuka, pamene mwa amene analandira mpweya wa okosijeni wokha anapulumuka 44 pa 100 alionse. Makanda owerengedwawo anali ochepa, koma kusiyanako kunali kokwanira kuti makinawa afalitsidwe m'zipatala za boma m'maboma a dziko lino.

Apa ndi pamene panabuka vuto lija la mu kanema. Amayi ambiri ndi achibale owadikirira anali ndi mantha ndi timapaipi ta m'mphuno, pakuti mbiri inafala kalekale yakuti mpweya wa kuchipatala umapha. Mantha amenewa sanachokere ku umbuli. Anthuwo anaonadi ndi maso awo abale akumwalira ali pa mpweya. Chimene diso silinathe kuona n'chakuti mpweyawo unkaperekedwa kwa odwala amene matenda anali atawafooketsa kale, nthawi zina atafika mochedwa. Diso linaona maliro, koma silinawerenge amene anachira n'kubwerera kwawo mwakachetechete. Akuluakulu a ku Oakland nawonso ankakumbukira mnyamata wooneka bwino amene anapambana, n'kuiwala ena ambiri ooneka chimodzimodzi amene analephera.

Anamwino nawo anali ndi zifukwa zawo. Khanda lili pa makina limafuna kuyang'aniridwa pafupipafupi: kupukuta mamina, kukonza timapaipi, kuona madzi a m'botolo. Kwa namwino mmodzi wosamala makanda ambiri usiku wonse, chida chatsopano chimayamba chakhala katundu chisanakhale chithandizo.

Phunziro lalikulu lili pamenepa. Wokana chatsopano kawirikawiri amakhala akuteteza kanthu kenikeni: mwana wake, ulemu wa ntchito yake, kapena mphamvu zake zochepa. Kumuonetsa chiwerengero kokha sikukwanira. Mayi amalola msanga namwino akakhala naye pansi n'kumufotokozera ntchito ya timapaipito, makamaka akamva kwa mayi mnzake amene khanda lake linachira. Namwino amachilandira chidacho akaphunzitsidwa pantchito pomwepo ndi mnzake wochizolowera. Pajatu kuona maso a nkhono n'kudekha.

Palinso chenjezo. Kanema wa Moneyball sananene mokwanira kuti timu ija inali ndi oponya mpira atatu aluso, Tim Hudson, Mark Mulder ndi Barry Zito, ndiponso Miguel Tejada, amene anasankhidwa kukhala wosewera wopambana onse mu ligi yawo chaka chimenecho. Ziwerengero zokha sizikanapambana masewero 103. Chimodzimodzinso Pumani atafika m'maboma, makanda opulumuka anachulukadi, koma osati pamlingo wa ku Chatinkha. Kunapezeka kuti khanda lozizidwa thupi limavuta kulipulumutsa ngakhale makina alipo, kotero kuti kufunditsa, magetsi odalirika ndi manja ophunzitsidwa zinali zofunika pamodzi ndi makinawo.

Omvera a ku Ndirande, ku Bangwe, ku Chilomoni ndi m'maboma onse, amene tsiku lina adzaona mdzukulu wawo ali ndi timapaipi m'mphuno ndi botolo likubwata pambali pake, adzachita bwino kufunsa namwino mafunso onse amene ali nawo asanaganize zomuchotsa mwanayo. Kubwata kwa madziwo ndi chizindikiro chakuti mapapo a khandalo akuthandizidwa kupuma.