KODI MASEWERA A PA KANEMA NDI A ANYAMATA OKHA?

 Lero tikambirane za masewera aja amene ana athu asewera pa foni, pa kompyuta ndi pa makina olumikiza ku wailesi ya kanema. Ambiri a ife tikaona mnyamata ataweramira pa foni, zala ziri kubvinabvina, timati, "Ndizo za anyamata zimenezo." Koma tikaona mtsikana ali kucita comweco timadabwa, mwina timamuuza kuti anyamuke akathandize amace. Tsono funso lathu ndi ili: kodi ganizo lakuti masewerawa ndi a amuna okha linacokera kuti, ndipo kodi liri loona?

Poyamba ndifotokozere akuluakulu amene sanagwirepo makina otere. Munthu woonera filimu angokhala pansi ndi kupenya. Koma wosewera apatsidwa munthu wa m'cithunzi kuti amuyendetse. Akadina batani, munthuyo alumpha. Akaphonya, munthuyo agwa m'dzenje. Mumvetsere mwana wanu pamene ali kusewera. Sanena kuti "wagwa," anena kuti "ndagwa." Iye ndi munthu wa m'cithunziyo asanduka mmodzi. Cifukwa cace nkhani yakuti ngwazi ya m'sewero ndi yani, mwamuna kapena mkazi, woyera kapena wakuda, siiri yaing'ono ai.

AKAZI ANALIPO PACIYAMBI

Sewero loyamba kuchuka kwambiri linali Pong, la kampani ya Atari ya ku America, m'caka ca 1972. Munalibe mwamuna kapena mkazi m'menemo, koma timizere tiwiri tomenyerana kampira. Banja lonse linali kusewera. M'caka ca 1980 ku Japan kunaturuka Pac-Man, ndipo amene analipanga, Toru Iwatani, ananena yekha kuti anafuna kukopa akazi kuti nawonso azilowa m'nyumba zosewereramo, zimene zinali kudzala ndi amuna.

Ngakhale pakati pa amisiri akazi analipo. Dona Bailey anapanga Centipede pamodzi ndi Ed Logg ku Atari, ndipo linachuka m'caka ca 1981. Carol Shaw anapanga River Raid m'caka ca 1982, sewero la ndeke youluka pamwamba pa mtsinje, limene anyamata osawerengeka analikonda osadziwa kuti analilemba ndi mkazi. Roberta Williams ndi mwamuna wace Ken anayambitsa kampani yao, nayamba ndi Mystery House m'caka ca 1980, ndi King's Quest m'caka ca 1984. M'caka ca 1988 mai ameneyu anaika mtsikana wochedwa Rosella kukhala ngwazi ya sewero lace, ndipo anthu anagula.

M'MENE MALONDA ANAPATULIRA ANA

Nanga zinasintha bwanji? M'caka ca 1983 malonda a masewerawa anagwa ku America. Makampani anapanga masewera ambiri acabecabe, anthu anatopa nao, ndipo masitolo anakana kulandira ena. Atari inafika pokwirira katundu wace wosagulidwa m'dzala ku New Mexico. Pamene kampani ya Nintendo ya ku Japan inafika ndi makina ace m'caka ca 1985, inawagulitsa monga zidole za ana, pakuti eni masitolo sanafunenso kumva za masewera a pa kanema.

Tsono m'masitolo a zidole a kumeneko katundu anali kupatulidwa, uku za anyamata, uku za atsikana. Amalonda anasankha mbali ya anyamata. Zolengeza malonda zinaonetsa anyamata, ndipo kamakina ka m'manja ka 1989 anakacha Game Boy, dzina limene liri ndi mau akuti mnyamata m'kati mwace. Apa panayamba kuzungulira kumene kunatha zaka zambiri. Akapanga za anyamata, anyamata agula. Anyamata akagula, amalonda ati, "Mwaona, atsikana safuna." Anyamata omwewo akakula ndiwo alembedwa nchito yopanga masewera, napanga zimene iwo anazikonda pa ubwana. Cotero cinthu cimene cinayamba ndi nzeru ya wogulitsa cinaoneka monga cibadwa.

MKAZI WA M'CITHUNZI

Tiyeni tione m'mene mkazi anali kuonekera m'masewera a nthawi imeneyo. M'sewero la Donkey Kong la 1981, cinyani cacikulu ciba mkazi, ndipo mwamuna akwera makwerero kukamupulumutsa. M'sewero la Super Mario Bros. la 1985, mwana wamkazi wa mfumu agwidwa ndi cirombo, ndipo Mario ayenda maiko kukamutenga. Nthano yotere siiri yoipa pa yokha. Ngakhale ife tiri nazo nthano za ogwidwa ndi zirombo. Bvuto ndi lakuti inabwerezedwa m'masewera osawerengeka, kufikira mkazi anakhala ngati mphotho yodikira kumapeto, wosacita kanthu koma kulira ndi kuyembekeza.

Akazi ankhondo analipo owerengeka, koma naonso anali ndi mbali ziwiri. M'sewero la Metroid la 1986, msilikali wochedwa Samus Aran abvala zobvala zacitsulo thupi lonse. Wosewera akatsiriza bwino, msilikaliyo abvula cisoti, ndipo aoneka kuti ndi mkazi. Ambiri anadabwa ndi kukondwa. Koma wotsiriza mofulumira koposa anali kumuona atabvala zocepa, monga kuti thupi lace ndilo malipiro a wopambana. Cimodzimodzi Lara Croft wa Tomb Raider, amene anapangidwa ku Derby m'dziko la England m'caka ca 1996. Anali wanzeru, wolimba mtima, wosadikira mwamuna kuti amupulumutse, ndipo atsikana ambiri anamukonda. Koma amalonda anali kuonetsa kwambiri maumbidwe a thupi lace kuposa nzeru zace.

M'caka ca 2009 Dmitri Williams ndi anzace, a ku mayunivesite a ku America, anafalitsa kalembera wa anthu a m'zithunzi za masewera 150 ogulidwa kwambiri. Anapeza kuti pa anthu 100 ali onse, 85 anali amuna ndi 15 okha akazi. Pa ngwazi zimene wosewera aziyendetsa, akazi anali pafupifupi 10 pa 100. Anthu akuda anali kupezeka makamaka m'masewera a mpira ndi ena otere. Caka comweco kunaturuka Resident Evil 5, m'mene msilikali woyera awombera makamu a anthu akuda ogwidwa ndi nthenda yowasandutsa zirombo m'dziko lopeka la mu Africa. Anthu ambiri anadandaula, nati cithunzi cotere cikumbutsa m'mene Africa anali kujambulidwira m'masiku a atsamunda.

Cikhalireco, bungwe la makampani a masewera ku America, pa kuwerenga kwace kwa caka ndi caka, lakhala likupeza kuti pafupifupi theka la osewera kumeneko ndi akazi. Cotero osewera anali amitundu yonse, koma cithunzi cinali kuonetsa mtundu umodzi.

PAMENE AKAZI ANALANKHULA

M'caka ca 2012 Anita Sarkeesian anapempha anthu pa intaneti kuti amuthandize ndi madola 6,000 kuti apange mafilimu ofotokoza m'mene akazi aonekera m'masewera. Analandira pafupifupi madola 160,000. Koma pamodzi ndi ndaramazo analandira matukwano ndi mau omuopseza kuti amupha, ndipo munthu wina anapanga kasewero komenya nkhope yace. M'caka ca 2014 kunabuka mkangano wochedwa Gamergate. Amene anauyambitsa anati ali kutsutsa atolankhani okondera, koma ukali wao unagwera makamaka akazi. Zoë Quinn ndi Brianna Wu, opanga masewera, anathawa m'nyumba zao atafalitsidwa kumene akhala. Sarkeesian analeka kukalankhula pa Utah State University cifukwa munthu wina analemba kalata kuti adzawombera anthu pamsonkhanopo.

Zotere sizigwera ochuka okha. M'masewera amene anthu asewera pamodzi pa intaneti, namalankhulana, atsikana ambiri aphunzira kubisa mau ao ndi kudzicha maina acimuna kuti asatukwanidwe. Ndipo m'makampani momwe munali madandaulo. Riot Games ya ku California inabvomera m'caka ca 2021 kulipira madola mamiliyoni 100 kuti uthe mlandu umene akazi ogwira nchito kumeneko anaisumira, wa tsankho ndi cipongwe. Caka comweco Boma la California linasumira Activision Blizzard, ndipo m'caka ca 2023 kampaniyo inabvomera kulipira madola oposa mamiliyoni 50 pa nkhani ya malipiro ndi kukwezedwa pa nchito kwa akazi. Inu amene mugwira nchito mudziwa bwino kuwawa kwace kwa kulandira zocepa pa nchito yofanana ndi ya mnzako.

Timvenso mbali ina, pakuti mlandu saweruza atamva mmodzi. Ena ati masewera ndi nthano cabe, ndipo mmisiri akhale waufulu kupanga cimene afuna. Zoona, palibe ayenera kuletsa Mario kupulumutsa mwana wa mfumu. Koma ufulu womwewo ali nao wodandaula, ndiponso mkazi wofuna kupanga nthano yace. Ena ati kuika akazi kudya ndarama. M'caka ca 2014 a kampani ya Ubisoft ananena kuti sanaike mkazi woti anthu amuyendetse m'sewero lao la Assassin's Creed Unity cifukwa nchito ikadaculuka. Anthu anaseka ndi kukwiya. Caka cotsatira kampani yomweyo inaika mkazi wochedwa Evie Frye, ndipo m'caka ca 2018 inaika Kassandra. Cimene cinali kusowa sicinali ndarama ai, koma kufuna.

ZIMENE ZASINTHA

M'caka ca 2013 Lara Croft anapangidwanso, nkhani yace italembedwa ndi mkazi, Rhianna Pratchett, ndipo anaoneka monga munthu weniweni wocita mantha ndi kuwagonjetsa. Horizon Zero Dawn ya 2017, m'mene ngwazi ndi mlenje wamkazi wochedwa Aloy, inagulidwa koposa mamiliyoni 20. Pamenepo mau akale akuti sewero la ngwazi yaikazi siligulidwa anatha mphamvu.

Citsanzo cimene cidzakukhudzani kwambiri ndi ca mpira. Sewero la FIFA linayamba m'caka ca 1993, ndipo kwa zaka 22 munalibe mkazi womenya mpira m'menemo. M'caka ca 2015 analowetsa matimu 12 a akazi a maiko. M'caka ca 2022 Sam Kerr wa ku Australia anaoneka pa cikuto pamodzi ndi Kylian Mbappé. Ndipo m'caka ca 2023, pa nthawi ya cikho ca dziko lonse ca akazi ku Australia ndi New Zealand, analowetsa matimu onse 32, ndipo Zambia inali pakati pao. Mtsikana wa ku Kitwe kapena ku Matero anakhoza kusankha timu ya dziko lace, ya Barbra Banda ndi anzace, ndi kunena kuti "ndagoletsa."

Ana a mu Africa naonso ayamba kupanga nthano zao. Ku Yaoundé m'dziko la Cameroon, kampani ya Kiro'o Games inaturutsa Aurion m'caka ca 2016, nkhani ya mfumu ndi mfumukazi omenyera ufumu wao pamodzi. M'caka ca 2024 Abubakar Salim, wa ku Britain wa makolo a ku Kenya, anaturutsa Tales of Kenzera: Zau, nkhani ya mnyamata wolira atate wace, ndipo munthu akhoza kuimvera m'Ciswahili.

Koma tisanamizane kuti nchito yatha. Pakati pa opanga masewera amuna akali oculuka kwambiri, makamaka pa mipando ya akulu amene alamula za ndarama. Matukwano a pa intaneti sanathe. Ndipo kuika nkhope ya mkazi kapena ya munthu wakuda pa cikuto sikukwanira ngati olemba nkhani yace sadziwa moyo wace.

MAU KWA MAKOLO

Akulu anati m'mera mpoyamba. Amalonda a 1985 anasankhira ana a dziko lonse, koma m'nyumba mwanu wosankha ndinu. Ngati muli ndi foni imodzi kapena kompyuta imodzi, onani amene aigwira ndi amene angoyang'anira kumbuyo. Masewera ali ndi nthawi yace, ndipo sayenera kudya nthawi ya sukulu. Koma lamulo limenelo likhale limodzi kwa mwana wamwamuna ndi wamkazi, ndipo mbale atsuke onse. Ambiri amene lero alemba mapulogramu a kompyuta, nalandira malipiro abwino, anayamba ndi kusewera. Mukamletsa mtsikana kugwira makina, mwina mwamutsekera khomo la nchito.

Mumvetserenso zimene mnyamata wanu alankhula pamene asewera ndi anthu osawaona. Mau amene sanganene pamaso pa mlongo wace asanene kwa mlongo wa mnzace. Ndipo tsiku lina mukhale pansi pambali pa mwana wanu, mumfunse kuti, "Kodi iwe ndiwe uti pamenepa? Nanga mkazi uyo ali kucita ciani?" Yankho lace lidzakuuzani zambiri za cimene ali kuphunzira.